Bambo Akupuma Bwanji?

4 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Ine kuno ndili moyo, ndipo pakadali pano ndi chokhacho chimene ndingalumbirire.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera ku nthawi ya makolo. Tsiku loyamba lomwe anatilanda mafoni nkuwatsekera m'bokosi lachitsulo, ndipo tidzawaonanso pakatha milungu khumi ndi inayi. Makalata amatipatsa Loweruka lokha, tili pamzere, Sajeni akuitana manambala. Ine ndine Nambala 61. Zaka zisanu ndi chimodzi kusukulu ya udokotala, kuti ndidzatchedwe nambala ngati basi.

M'gulu lathu tilipo makumi atatu: madokotala, anamwino, a mankhwala, ndi wina wa mano amene amaguba ngati akuponda makala amoto. Sajeni akuti chiyambire sanaonepo anthu ophunzira chonchi osadziwa kumanja ndi kumanzere, ndipo iye sangatilole ngakhale kum'wenga chikhadabo. Tsitsi langa lapita. Bedi timayala ndi rula. Dzulo anapeza fumbi pamwamba pa chitseko, pamalo pamene palibe mmodzi wa ife amafikira, ndipo tinazungulira bwalo kasanu ndi katatu titasenza matiresi.

Pali lamulo lina loti muwauze Bambo, akaseke. Tikaima njo kwa ola lathunthu, Sajeni amakuwa kuti, "Pumani!" Tsiku loyamba ine ndinakhala pansi. Kani kupuma kwa kuno ndi kutangadza miyendo, manja kumbuyo, maso kutsogolo, osaphethira. Anzanga anaguba ola lina chifukwa cha ine.

Lamulo losaseketsa ndi ili: ukajomba masiku opitirira atatu, kaya wadwala kaya kwanu kwagwa zovuta, amakuchotsa. Ena akhoza kudzayesanso chaka chamawa. Ine msinkhu wandithera, chaka chamawa sadzandilandira. Mwayi wanga ndi uno basi.

Tsopano zenizeni. Pochoka ndinaona mapazi a Bambo atatupa pang'ono, ndipo mukudziwa kuti mtima wawo si wa mnyamata. Ndinawasiyira mapiritsi a miyezi itatu, oyera m'mawa, achikasu madzulo. Iwo sangandiuze zoona. Munthu amene anaimba lipenga m'bandi ya asilikali zaka makumi atatu savomera kutopa. Choncho ndikufunsa inu. Bambo akupuma bwanji? Muwayang'anitsitse, masana ndi usiku womwe, mundiuze. Yankho lanu ndi limene lindiuze chochita.

Amayi muwauze kuti ndikudya.

Ine mlongo wanu,
Mzime


14 Malichi

Nambala 61,

Moni wochokera kudziko la anthu atsitsi. Tonse tili bwino. Kalata yako ndinaiwerenga mokweza pabalaza, kawiri, chifukwa Amayi anati ndinathamanga pa ndime ya matiresi. Iwo analira za tsitsi. Bambo anati matiresi a masiku ano ndi opepuka, iwo ankasenza ndi bedi lomwe.

Ine ndikadali pomwe unandisiya: ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi, choko m'mphuno, kuphunzitsa galamala anthu amene onse akufuna kudzakhala oimba. Pakhomo pano mwana ndatsala ndekha, kutanthauza kuti wosintha babu ndine, wothamangira kusitolo ndine, wolakwa pa chilichonse ndinenso. Iwe unavula chovala choyera nkukavala jombo, ndipo akukutamanda. Ine ndikachedwa theka la ola akuti ndalowerera.

Nkhani yaikulu ndi lipenga. Bambo alitsitsa pamwamba pa kabati, alipukuta mpaka munthu nkumadziona mano, ndipo m'mawa uliwonse sikisi koloko ali nalo pakhonde. Akuti akukonzekera tsiku lako la perete. Ndawauza kuti palibe amene wawaitana kukaimba, koma akuti bandi ya masiku ano ndi ana ofunika kuwaonetsa. Telala woyandikana nafeyu wabwera kawiri kudzadandaula kuti likalira amadzibaya ndi singano. Dzana Bambo anandiuza, osandiyang'ana, kuti zaka makumi atatu anachitira sawatcha ana a eni ake, ndipo asanafe akufuna achitireko wawo. Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. Ndiye usayerekeze kulephera, iwe.

Wafunsa mmene Bambo akupumira. Ndawayang'anitsitsa monga unalamulira, bwana. Akupuma bwino kwambiri, masana ndi usiku womwe. Kunena zoona ndimawachitira nsanje, ndikanakonda ndikanamapuma ngati iwo. Mapiritsi akumwa, Amayi amawaimirira pamutu ngati Sajeni wakoyo.

Utilembere. Kodi zoti ukudyazo nzoona, kapena kudya kwa kumeneko nakonso kuli ngati kupuma kwake?

Achimwene ako


28 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Siyani fodya, mudzapuma ngati Bambo.

Mwanditula katundu. Ndinali nditakonza kuti mukandiuza kuti sakupuma bwino, muwatengere kuchipatala chachikulu kwa dokotala wa mtima amene anandiphunzitsa, akawasinthire mankhwala. Koma popeza akupuma bwino, musawavutitse ndi mabenchi a kumeneko, kukhala tsiku lonse kudikira mphindi zisanu. Apitirize omwewo mpaka ndibwere. Amayi akayamba nkhawa zawo muwauze kuti dokotala wanena.

Kuno tayamba mfuti. Ndimaiphwasula nkuimanganso nditatseka maso, ndipo Sajeni akuti pathupi langa lonse zala zokha ndi zimene zili ndi ntchito. Pophunzira kuwombera amatiimikira munthu wa thabwa, nkutiuza kuti tiloze pakati pa chifuwa. Ena amangoona thabwa. Ife timadziwa dzina la chilichonse chimene chimakhala pamenepo. Ndinawombera bwino kuposa onse, Achimwene. Sajeni anandiyamikira koyamba, ine chakudya chamasana chinandikanika.

Chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi chazuka, ndipo matuza akuphulika pamwamba pa matuza anzawo. Satilola kuchizana. Akuti kuno kulibe dokotala, kuli manambala, wodwala akafole kuchipatala cha kampu, kumene amapereka piritsi lomwelo kaya wathyoka mwendo kaya wasiyidwa ndi chibwenzi. Tatsala 26. Wa mankhwala wina anagonekedwa masiku anayi. Tsiku lachisanu anam'patsa foni yake ndi chikwama, nkumuonetsa chipata.

Wamano uja amaima pambali panga pamzere. Ali ndi mphumu. Anabisa polembetsa, ndipo kampope kake kopopera m'kamwa amakasunga m'sokosi. Ndikudziwa ndine ndekha, chifukwa khutu langa silinalowe nawo usilikali. Wandipempha kuti ndisaulule. Ali ndi ana awiri, ndipo ntchito anaisaka zaka zitatu.

Mundilembere za lipenga. Tikamadzuka kuno limaliranso, koma woimba wake Bambo akanam'landa.

Mzime


6 Epulo

Mwana wanga Mzime,

Moni. Ife kuno tili bwino. Amayi ako ali bwino. Achimwene ako ali bwino, koma amalankhula kwambiri.

Ndamva za matuza. Tamvera. Jombo uziviike m'madzi, uzivale zili zonyowa, uyende nazo mpaka ziume. Zidzaphunzira phazi lako. Masokosi uzivala awiri, lamkati ulitembenuze. Poima pa perete uzigwedeza zala mkati mwa jombo. Palibe amene aone, ndipo sugwa. Ine ndinaima zaka makumi atatu lipenga lili kukamwa, sindinagwepo.

Sajeni usamude. Akukunyoza lero chifukwa akudziwa kuti kuyambira mu Juni adzakuchitira sawatcha moyo wake wonse. Msiye adyeretu zake.

Za kukhala pansi zija ndinaseka mpaka kutsokomola. Koma usadzachitenso.

Chachikulu ndi ichi. Msilikali satuluka pamzere. Kaya kugwe mvula, kaya mnzako wagwa pambali pako, kaya wamva zotani za kunyumba. Ine uthenga wa maliro a mayi anga unandipeza pakati pa nyimbo, ndipo nyimboyo ndinaimaliza. Za kuno utisiyire ife.

Yunifolomu yanga ndaitulutsa. Ikundithina pamimba. Amayi ako akuti ndanenepa.

Ine bambo ako


11 Epulo

Mzime,

Moni, wowombera mathabwa. Tili bwino. Uphungu wako wa fodya ndaulandira, ndaukulunga, ndausuta.

Uthenga wabwino kwa anthu a mumsewu uno: lipenga latonthola. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Telala anabwera kudzafunsa ngati lawonongeka, nkhope ili yachisoni ngati ya munthu amene apongozi ake alephera kubwera kudzacheza. Bambo akuti akusunga mlomo, woimba wanzeru sathera mphamvu pokonzekera. Amangolipukuta lili pamiyendo.

Asamukanso. Akuti bedi lawo lagona kwambiri, mawu awo amenewo, ndiye tsopano amagona pampando waukulu wa pabalaza. Alanda mitsamiro yonse ya m'nyumba muno, ndi wanga womwe. Ine ndikutsamira dikishonale, mwina nzeru zilowa. Nsapato akuti zachepa, akuyenda ndi masilipasi ngati mlendo wa kuhotela. Akamapita kubafa amaima pa kabati nkumawerenga kalendala, ngati kuti masiku asintha kuchokera m'mawa. Ndikuganiza akuwerengera Juni wakoyo.

Amayi anayamba zoti tipite nawo kuchipatala. Ndinawawerengera ndime ija ya "dokotala wanena", Bambo nkuwomba m'manja. Kalata yakoyo aisunga m'thumba la malaya ngati chiphaso. Ukanawaona ukanakondwa: munthu wosakhazikika uja, wokonza ndi zosawonongeka zomwe, tsopano akupuma tsiku lonse.

Kusukulu ndi mayeso. Mwana wina walemba kuti mneni ndi munthu wokonda miseche, ndipo ndam'patsa theka la malikisi chifukwa ndikuwadziwa aneni otero.

Wamano wako ali bwanji? Umuuze kuti ndikadzafuna kuzulitsa dzino adzayambe wasamba m'manja, poti zida amasunga m'sokosi.

Achimwene ako


18 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Bambo muwauze kuti kalata yawo ndinalandira ndipo nzeru ya jombo yagwira ntchito. Muwauzenso kuti ndawalakwira. Ndatuluka pamzere.

Lachinayi kunabwera mkulu wina wa nyota zambiri paphewa kudzationa tikuguba. Tinaima padzuwa kuyambira teni koloko, iye anafika wani. Wamano anayamba kulira m'chifuwa ngati ketulo. Ndinkamumva, maso ali kutsogolo, ndikugwedeza zala m'jombo monga Bambo ananenera. Kenako anagwa. Lamulo ndi lakuti wagwa wagwa, onyamula machira adzabwera mkuluyo akadutsa. Mkuluyo anali akadali pamzere woyamba, akufunsa munthu za batani. Ndinaba diso limodzi kuyang'ana pansi: milomo yachita phulusa. Ndinawerenga mpaka makumi awiri. Kenako ndinaika mfuti pansi, ndinam'khazika tsonga, ndinam'vula jombo anthu onse akuona, nkutulutsa kampope m'sokosi.

Ali moyo. Dzulo am'chotsa chifukwa chobisa matenda. Ponyamula chikwama sanandiyang'ane. Anangoti, "Mukanandisiya akanati ndi dzuwa." Mwina akanaterodi, pamaliro pake.

Chilango si changa ndekha, kuno sachita choncho. Gulu lonse sililandira makalata kwa milungu itatu. Kulemba tikhoza, kulandira ayi. Lero Sajeni anabwera ndi thumba la makalata, anationetsa, nalitsekera m'kabati ife tikuona. Namwino wa bedi loyandikana ndi langa anasiya mwana wa chaka chimodzi kwawo. Sanandilankhule kuyambira m'mawa, akungosita malaya omwewomwewo.

Sajeni anandipeza ndikukolopa khonde. Anati ngati dokotala ndachita zoyenera, ngati msilikali ndine zinyalala, ndipo ndisankhe kuti mu Juni adzachitire sawatcha uti. Ndinam'funsa ngati sizingatheke onse awiri. Anati iye wotero sanamuonepo.

Choncho ngati mwalemba, kalata yanu ikhala m'kabati mpaka pa 9 Meyi. Chondilimbitsa mtima nchakuti kumeneko kulibe chachangu.

Mzime


27 Epulo

Mzime,

Kalata yako yafika, ndiye ndikudziwa kuti ino ndikulembera kabati ya Sajeni. Kabati iwe, moni.

Ndinawawerengera Bambo za Wamano. Anatseka maso mpaka ndinkayesa agona. Kenako anati wachita bwino, koma usadzachitenso. Chiganizo chachifupi chotero anachinena m'zigawo zitatu.

Zoseka zandithera pang'ono. Akutsokomola, ndipo m'chifuwa mumamveka ngati madzi akuwira mumphika wovundikira. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, ukakanikiza ndi chala pamatsala dzenje. Dzulo ndinaitanitsa takisi mpaka pachipata. Iwo anatulutsa kalata yako ija m'thumba, naiika pabondo, nati dokotala wawo ndi mmodzi ndipo wanena kale. Woyendetsa takisi anadikira, anatopa, napita. Ndinati ndiimba foni kukampu kwanu. Anati ndikatero ndisadzawatchenso bambo. Ukuwadziwa.

Mawu ako okha ndi amene angawadzutse pampandopo. Lemba mzere umodzi wokha woti apite. Ine si dokotala, mwina ndikungochita mantha ndi chimfine. Kupuma akupumabe monga unafunira, sagwira kalikonse, ngakhale lipenga Amayi ndiwo akupukuta. Koma sindikumvetsa kuti munthu wopuma chonchi angamatope bwanji.

Achimwene ako


9 Meyi

Achimwene,

Moni ndilibe. Makalata anu awiri andipatsa lero m'mawa. Mukangomaliza kuwerenga ino pezani galimoto. Musadikire kuweruka, musawafunse maganizo, muwanyamule ngati kuli kofunika.

Ine ndinkafunsa za mpweya. Kupuma kwa mpweya, kulowa ndi kutuluka m'chifuwa. Inu munandiyankha za kupuma kwa pampando. Makalata onse ndawayala pabedi motsatana masiku, ndipo zonse zinalimo. Mtima ukamalephera, madzi amadzaza m'mapapo. Munthu akagona chagada amakhala ngati akumira, nchifukwa chake amathawira pampando. Mitsamiro ija, nsapato zija, kalendala ija, lipenga lija. Ngakhale yunifolomu yothina ija si mafuta, ndi madzi. Imeneyo ndinaiwerenga mwezi wapitawo, ndinaseka, nkupinda kalata. Wodwala wachilendo ndikanamufunsa mafunso khumi. Za bambo anga ndinafunsa limodzi la mawu atatu, kenako nkulemba ndi dzanja langa kuti asapite kuchipatala.

Ndinapita kwa Kaputeni. Anandilola foni ya mu ofesi, mphindi zitatu. Nambala yanu ili m'foni yanga, foniyo ili m'bokosi, wosunga kiyi abwera Lolemba. Imene ndimaidziwa pamtima ndi ya Bambo yokha. Anayankha okha. Sindinkamvera zimene ankanena, ndinkawerenga: mawu awiri, mpweya, mawu awiri, mpweya. Ndinawauza kuti dokotala wasintha, apite lero. Ndinawapempha kuti apereke foni kwa Amayi. Anati, "Ndili bwino. Ndikupuma. Bwerera pamzere." Nkudula.

Kaputeni akuti chipata nchotsegula, palibe wondigwira. Koma ulendo ndi masiku awiri kupita, awiri kubwera, ndipo Lolemba tikulowa m'tchire masiku khumi ndi awiri, mayeso omaliza. Wosapita kumeneko walephera. Anandipatsa mpaka belu la chakudya kuti ndiganize.

Ndatsala. Ndikhoza kunena kuti Bambo alamula, ndipo nzoona. Ndikhoza kunena kuti chimene akufunika ndi mpweya wa m'botolo ndi jakisoni wochotsa madzi, osati nkhope yanga, ndipo nazonso nzoona. Koma inu ndinu achimwene anga, sindikunamizani. Milungu khumi ndaisiya pabwalo lino pamodzi ndi zikhadabo, ndipo nyota ija ndikuifuna. Ngati mudzandida, mudzandidere chimenecho.

Kalata ino Sajeni waitenga yekha, akuti ali ndi mnzake woyendetsa basi, ikupezani Lolemba. Muli timapepala tiwiri mkatimu. Kamodzi nka Bambo, kali ndi mzere umene munapempha. Kenako mukapereke m'manja mwa dokotala wa mtima uja.

Thamangani.

Mzime


19 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Kulemba sindinazolowere, undikhululukire zilembo.

Bambo ako apuma. Anatisiya Loweruka masana, tawaika dzulo.

Kalata yako inafika Lolemba. Achimwene ako anasiya kalasi pakati. Iwo ndi telala anawanyamula ndi mpando womwe mpaka mumsewu. Bambo ako ankakalipa koma mawu sankatuluka. Dokotala uja atawerenga kapepala kako anafunsa kuti tinali kuti mwezi wonsewu. Za kalata ya m'thumba ija sindinamuuze, ndipo sindidzauza munthu.

Anawachotsa madzi ambiri. Lachinayi anagona chagada koyamba, dzuwa lili pamutu, mpaka kuliza mkonono, ine nkumamvetsera ngati nyimbo. Lachisanu anapempha kumetedwa ndevu. Tinkayesa achira. Tsiku lomwelo anandilumbiritsa kuti zikavuta tisatumize uthenga kukampu iwe ukadali m'tchire. Ndinakana. Anandigwira mkono osausiya mpaka ndinavomera. Ukwiyire ine, osati achimwene ako.

Loweruka anandifunsa kuti m'tchire muja lero ndi tsiku lachingati. Ndinati lachisanu ndi chimodzi. Anati, "Wafika pakati." Sananenenso china.

Anzawo a m'bandi anabwera anayi, okalamba okhaokha. Mmodzi anaimba lipenga la bambo ako lija kumanda. Telala analira kuposa abale.

Tinawaveka yunifolomu ija. Inawakwana bwinobwino.

Uzidya, mwana wanga.

Mayi ako


19 Meyi

Mzime,

Amayi alemba zonse. Ine ndingowonjezera chimodzi chimene sangachidziwe.

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa mutu wa mawu amene ali ndi matanthauzo angapo. Chitsanzo changa choyamba pabolodi, zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndi "kupuma". Ndimalemba manambala m'munsi mwake, ana nkumatchula: kupuma mpweya, kupuma utatopa, kupuma pa ntchito. Tanthauzo lachinayi ndimawauza ndine, chifukwa iwo sanafike polidziwa. Mwana wosiya limodzi ndimam'chotsera malikisi. Unandiuza kuti ndisiye fodya ndidzapuma ngati Bambo, ine nkuseka, osadzifunsa kuti fodya akukhudzana bwanji ndi mpando.

Unati ndikuderetu chifukwa cha nyota. Sindikukuda. Kapena ndinene zoona, ndimakuda pang'ono Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku enawo ndimakhala wotanganidwa ndi kudzida ndekha.

Kachitsulo kali mu emvulopuyi ndi kamlomo ka lipenga. Tinakapeza m'thumba la malaya, atakakulunga ndi kalata yako. Kalatayo ndasunga ine, kuti usadzaiwerengenso.

Utiuze ngati tibwere pa 6 Juni. Amayi akuti achita zimene unene. Pakhomo pano tikadali anthu omvera dokotala.

Achimwene ako


24 Meyi

Achimwene,

Moni kwa inu ndi Amayi. Tinatuluka m'tchire Lachisanu. Tatsala 21, ndipo ndakhoza.

Dzulo pamzere Sajeni sanaitane nambala yanga. Ananditengera kuchipinda chosungira jombo, anandipatsa makalata awiri, naima panja pa chitseko kuti wina asalowe. Akuti anangokhudza emvulopu yanu nkudziwa. Woimba lipenga sasiyana ndi kamlomo kake ali moyo.

Loweruka lija masana ndinali m'dzenje, ndikumanga bandeji mwendo wa munthu amene sanavulale, Kaputeni ali ndi wotchi m'manja. Ndinapeza malikisi onse. Amati zikamachitika kunyumba munthu umamva m'thupi. Ndi bodza. Ine ndinkamva njala.

Za bolodi zija, funso linali langa. Mphunzitsi amayankha zimene wafunsidwa, dokotala ndi amene amayenera kufunsa kawiri. Lachiwiri ndi Lachisanu ndavomera. Masiku otsalawo tigawane, musadye nokha.

Mubwere pa 6 Juni. Si kuti ndikulilakalaka tsikulo, koma payenera kukhala wina wa kwathu woti aione nyota imene tasinthanitsa ndi Bambo. Kamlomo kaja kadzakhala m'sokosi. Malo amenewo anandiphunzitsa Wamano.

Tsopano Amayi. Ndifunsa ngati chitsiru, inu mundiyankhe ngati mukuyankha chitsiru. Akugona maola angati? Pabedi kapena pampando uja? Ndi mitsamiro ingati? Akudya kangati patsiku, ndipo m'mbale mumatsala zochuluka bwanji? Kuchokera kukhitchini kukafika kuchipata, amaima panjira? Akamalankhula amamaliza chiganizo? Muwakanikize ndi chala pamwamba pa kakolo, muwerenge mpaka zisanu, mundiuze ngati patsala dzenje. Mawu oti "bwino" musawalembe paliponse.

Ine musandifunse ngati ndikupuma. Mpweya ukulowa, ukutuluka. Kwinako, Sajeni akalamula, ndimatangadza miyendo, manja kumbuyo, maso kutsogolo.

Mlongo wanu,
Mzime